MAU ATHU AYENDA ULENDO WAUTALI

Abale, tikagwira pakhosi polankhula, timva kholingo liri kunjenjemera. M'katimo muli minofu iwiri yopyapyala yobala mau. Koma siyenda yokha ai: ilamulidwa ndi mitsempha yotenga uthenga kucokera ku ubongo.

Mtsempha waukulu, dzina lace vagus, utsika mbali zonse ziwiri za khosi, ndipo mbali iri yonse upatsa kholingo nthambi ziwiri. Nthambi yapamwamba imva cakudya cikasocera, nititsokomoletsa. Ndiyonso ikweza mau poyimba. Inzace iyamba yatsikira ku cifuwa, nibwerera kudzatsegula ndi kutseka minofu ija. Ya kumanzere itsika koposa, pakuti izungulira mtsempha waukulu wa mwazi woturuka mu mtima.

Galen, sing'anga Mgriki wokhala ku Roma m'zaka za m'ma 100, anadula nthambi zobwererazi pa nkhumba yolira. Pomwepo inangoti zii, cinkana inali kupumabe.

Tsono nthenda ya m'cifuwa, kapena cotupa ca pakhosi, zikhoza kupsinja mtsemphawu, ndipo mau asasa. Akasasa kupitirira masabata 3, tisanene kuti ndi cimfine cabe; tipite kucipatala msanga.