Moto Wathu ndi Moto wa Ena: Kufanana si Chibale

Tsiku lina, tili pa ulendo woyendera ophunzira athu amene adali kuyeserera ntchito ya uphunzitsi, tidakhala kumbuyo kwa kalasi ya Sitandade 6 pa sukulu ina ya kumudzi. Mnyamata wina adakweza mkono nafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi njinga yamoto adaitchuliranji dzina limeneli?" Mphunzitsi adayankha bwino, nati injini yake imatentha mafuta, ndipo mphamvu yoyendera imachokera ku moto umenewo. Koma poona kuti ana akondwa, adawonjezapo kuti ngakhale Azungu adatenga mawu awo akuti "motor" ku moto wathu womwewu. Ana adaomba m'manja, nalemba m'makope mwawo. Ife tidatuluka m'kalasimo mtima uli wolemera, pakuti ana onse aja adapita kwawo ndi chinthu chokoma m'khutu koma chosaona.

Cholinga chathu pano si kudzudzula mphunzitsi uja, popeza ambiri a ife tidagwapo m'mbuna yomweyo. Tifuna kunena chinthu chimodzi: mawu awiri akamveka mofanana m'ziyankhulo ziwiri, kufananako pakokha si umboni wakuti ndi apachibale, ndipo mphunzitsi ayenera kuzoloweza ana kufunsa kumene mawu adachokera asanaweruze. Tiyeni tilondole mawu aafupi omwewa akuti "moto", tione kumene angatifikitse.

Tiyambe ndi kwathu kuno. Moto wa pa mafuwa uli ndi achibale enieni. M'Chitumbuka amati moto, m'Chishona amati moto, ndipo m'Chiswahili amatinso moto, tanthauzo lake ndi limodzi. Dzinali lidaphuka pa tsinde limodzi ndi mneni wakuti kuotha, amene Aswahili amati kuota. Tsono "kuotha moto" ndi mawu awiri obadwa m'mimba imodzi. Palibe mtundu umene udabwereka mawuwa kwa unzake. Tonse tidawalandira kwa makolo amodzi amene ankayankhula chiyankhulo chimene chidabala ziyankhulo za Bantu. Dzina lakuti Bantu adalifalitsa Wilhelm Bleek m'buku lake la 1862, ndipo Carl Meinhof mu 1899 ndi Malcolm Guthrie pakati pa 1967 ndi 1971 adasonyeza mwatsatanetsatane m'mene mawu a ziyankhulozi amalumikizirana.

Tikaoloka nyanja kupita ku Italy, timapezanso moto, koma uyu satentha. Kumeneko moto ndi kuyenda kapena kusuntha, ndipo oimba akaona mawu akuti "con moto" pa pepala la nyimbo amadziwa kuti aimbe mofulumirirako. Mawuwa adachokera ku Chilatini "motus", kuchokera kwa mneni "movere", kutanthauza kusuntha. Mneni yemweyu ndiye adabala "motor" wa Chingerezi, ndiye kuti chinthu choyendetsa. Pambuyo pake anthu a ku Italy, ku France ndi ku Spain adafupikitsa dzina lalitali la njinga yamoto nangoti moto. Onani tsono m'mene zinthu zidakumanirana: ife timati njinga yamoto poganiza za kutentha, iwo amati moto poganiza za kuyenda. Chinthu ndi chimodzi, kamvekedwe ndi kamodzi, koma mizu ndi iwiri yosadziwana. Apa ndipo padaterera mphunzitsi wathu uja.

Ku Japan kulinso moto wachitatu. Kumeneko mawuwa amatanthauza chiyambi, gwero kapena tsinde. Dzina lotchuka la Yamamoto likunena za tsinde la phiri, pakuti "yama" ndi phiri. Palibe njira ya malonda kapena ya nkhondo imene idatenga mawuwa kuchoka kuno kupita ku Tokyo. Adangofanana basi, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Pa dziko lapansi pali ziyankhulo pafupifupi 7,000, koma maliwu amene pakamwa pa munthu pamatulutsa ndi owerengeka. Chijapanizi chili ndi malembo a liwu asanu monga Chichewa, ndipo maphatikizo ake ambiri amathera pa lembo la liwu monga athu. Mawu a maphatikizo awiri okha, omangidwa ndi m, t ndi o, sangalephere kupezeka kwinakwake. Chikadakhala chodabwitsa ndicho kusapezeka kwake.

Mwina wina anganene kuti msampha uli ku ziyankhulo zakutali zokha, ndi kuti pakati pa ziyankhulo za Bantu tikhoza kukhulupirira khutu. Iyayi. Madoda amene adapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi adamva Azulu akuti "imoto", koma sankanena za moto. Imoto ndi galimoto, mawu obwereka ku Chingerezi "motor", pamene moto weniweni amautcha "umlilo", monga Abemba amati "umulilo". Chizulu ndi mbale wa Chichewa, komabe imoto ndi mdzukulu wa Chilatini amene adangokhala pakati pa abale athu.

Chitsanzo chimene chimatiphunzitsa koposa chili m'Chilingala, chiyankhulo cha ku Kinshasa ndi ku Brazzaville, chimene ambiri tidachimva m'nyimbo za rumba. M'kalembedwe wamba, moto angathe kukhala mawu atatu: munthu, mutu kapena moto wotentha. Eni ake amasiyanitsa ndi kukweza kapena kutsitsa liwu, ndiponso ndi katchulidwe ka o, monga momwe ife timasiyanitsira mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika. Tikasanthula timapeza kuti pamene ife timayamba dzina ndi mu- kapena m-, iwo amayamba ndi mo-. Mtima amati "motema", mchira amati "mokila". Potero moto wotanthauza munthu ndi mbale wa mawu athu akuti munthu, ndipo akachuluka amati "bato", ndiwo anthu. Moto wotanthauza mutu ndi mbale wa mutu wathu. Wachitatu yekhayo ndiye mbale wa moto wa pa mafuwa. Phunziro lake ndi ili: chibale chenicheni chimaoneka pamene kusintha kumodzi kukubwerezedwa m'mawu ambiri, ngakhale nkhope za mawuwo zisiyane.

Makolo athu ankadziwa kale nzeru imeneyi pa nkhani ya anthu. Mlendo akafika pamudzi nafanana nkhope ndi mwana wa pakhomo, akulu sankathamangira kumutcha mbale. Ankayamba amufunsa mfunda wake, kwawo, ndi amene adabala amayi ake. Mawu nawonso tiwafunse chimodzimodzi. Tikatero tidzawagawa patatu. Pali achibale, monga moto wathu ndi wa Aswahili. Pali alendo amene adabwera ndi anthu ndi katundu, monga nsapato ndi kalata zochokera ku Chipwitikizi "sapato" ndi "carta", kapena ndege yochokera ku Chiswahili, kumene mawuwa amatanthauzanso mbalame. Ndipo pali ongofanana, monga moto wathu ndi wa ku Japan.

Tikudziwa kuti ena adzati, "Nanga kabodza kakang'ono kotere kapweteka yani? Si kamathandiza ana kunyadira chiyankhulo chawo?" Ife tikuti kamapweteka pawiri. Poyamba, mwana amene waphunzitsidwa kukhulupirira khutu lokha adzapusitsidwa m'Chingerezi momwe, pamene adzakumana ndi mawu ofanana kamvekedwe koma osiyana tanthauzo, ndipo adzayankha mayeso mongoganizira. Kachiwiri, kunyada komangidwa pa nthano kumagwa tsiku limene mwanayo atsekula buku lotanthauzira mawu, ndipo pogwa kumagwetsanso chikhulupiriro chake mwa mphunzitsi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chichewa sichisowa kunamiziridwa ulemu. Kodi si chinthu chonyaditsa kale kuti mwana wa ku Dowa ndi mwana wa ku Kinshasa amatchula mtima ndi mawu a kholo limodzi?

Enanso adzati nthawi ndi yochepa ndipo silabasi ndi yodzaza. N'zoona, koma ntchito imene tikupempha siposa mphindi 15, ndipo ikhoza kulowa m'phunziro la mawu obwereka limene lilipo kale. Mphunzitsi alembe pa bolodi mizati itatu: achibale, alendo, ongofanana. Kenaka afunse ana amene amayankhula Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe, Chisena kapena Chitonga kwawo kuti atchule m'mene amanenera moto, madzi, mutu, mwana ndi mtima. Pamenepo mwana amene kawirikawiri amachita manyazi ndi chiyankhulo cha kwawo amasanduka mwini nzeru wa tsikulo. Pa mawu aliwonse kalasi ifunse mafunso atatu. Kodi tanthauzo ndi limodzi? Kodi pali mawu enanso amene asintha mwa njira yomweyo? Kodi eni ziyankhulozi adakumanapo, ndipo adakumana liti? Mawu amene alephera mafunso onse atatu apite ku mzati wachitatu, ngakhale akome chotani m'khutu.

Chotsala ndi khalidwe la mphunzitsi mwini. Mwana akafunsa funso limene yankho lake silili pafupi, palibe manyazi kunena kuti, "Funso lako ndi labwino, tiyeni tikafufuze, mawa tidzauzane." Mabuku alipo. David Clement Scott adasindikiza buku lake lotanthauzira mawu a Chimang'anja mu 1892, ndipo Mtanthauziramawu wa Chinyanja, wolongosola mawu athu m'chiyankhulo chathu chomwe, udatuluka mu 2000. Agogo a pamudzi nawonso ndi nkhokwe, makamaka pa mawu amene adabwera ndi a paulendo. Safunsa adadya phula, ndipo mphunzitsi wosafunsa amadyetsa phula kalasi yonse.

Inu amene mukukonzekera ntchitoyi, kumbukirani kuti chimene mulemba pa bolodi chimafufutidwa madzulo, koma chimene mwana walemba m'kope amapita nacho kwawo, nakauza azing'ono ake. Mphunzitsi wathu uja tidakambirana naye pansi pa mtengo wa mango, ndipo m'mawa mwake adabwerera m'kalasi nauza ana kuti adalakwitsa. Adalemba moto pa bolodi katatu, nawafotokozera za Italy, za Japan ndi za kwathu. Mnyamata wofunsa uja adakwezanso mkono, nafunsa ngati buku ndi mbale kapena mlendo. Kalasi yonse idayankha pamodzi kuti ndi mlendo, ndipo mtsikana wina adawonjeza kuti sukulu nayonso ndi mlendo.