Chikomekome cha Mkuyu: Za Timagitala Totsika Mtengo Togulira Ana

Akuluakulu akale, akaona nkhuyu yofiira bwino ili lende pamtengo, sankafulumira kuiponya m'kamwa. Ankayamba aing'amba pakati, pakuti ankadziwa kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu kawirikawiri amauponyera mnyamata amene wakopeka ndi nkhope ya namwali osafunsa za khalidwe lake, koma masiku ano ukuyeneranso kholo limene laima m'sitolo pa Balaka kapena pa Liwonde, likuyang'ana kagitala konyezimira kopachikidwa pakhoma, mwana wake ali pambali maso ali dwii.

Nkhani yake imakonda kuyenda motere. Bambo wagulitsa nandolo kapena thonje, ndipo pa ndalama zimene zatsala akachotsa za feteleza ndi za yunifolomu, waganiza zokondweretsa mwana amene wakhala akumuvutitsa chaka chonse. Gitala yaikulu sangaikwanitse, makamaka chigwereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene katundu yense wochokera kunja anakwera mtengo. Asankha kakang'ono, kopaka utoto wowala, kamene wogulitsa akuti n'koyenera ongoyamba kumene. Sabata yoyamba pakhomo sipagonedwa. Sabata yachitatu mwana akudandaula zala. Mwezi usanathe kagitala kaja kali kuseri kwa chitseko, nsambo imodzi itaduka, ndipo bambo wagamula mlandu: mwanayu ndi waulesi, sachedwa kutopa ndi zinthu. Mwana naye amakhulupirira chigamulocho, n'kukula akudziwa kuti iye za maimbidwe alibe nazo mphatso. Pa milandu yotere, wolakwa nthawi zambiri sakhala mwanayo. Imakhala gitala, ndiponso amene anaigula asanaing'ambe pakati.

Ena anganene kuti iyi ndi nkhani yazidole, yosayenera kutayira nthawi. Anganene choncho kwina, osati m'dera lino. Boma la Balaka, limene linali mbali ya Machinga kufikira mu 1998, linatchuka m'dziko lonse chifukwa cha nyimbo. Gulu la Alleluya Band linayamba mu 1978 ndi anyamata a kumeneko, pakati pawo Paul Banda, mothandizidwa ndi wansembe wochokera ku Italy, Bambo Mario Pacifici. M'gulu lomwelo ndi mmene anakulira mng'ono wake wa Paul, malemu Lucius Banda, amene anatisiya mu Juni 2024, ndipo maimbidwe a ku Balaka anafika pokhala ndi dzina lawolawo pa wailesi. Kale kholo likamva kuti mwana akufuna gitala linkaona ngati latayikiridwa, poganiza kuti woimba gitala mapeto ake ndi kuchezera m'malo omwera mowa. Anthu a ku Balaka anaona ndi maso awo kuti gitala ikhoza kudyetsa banja, kuphunzitsa ana sukulu, ngakhale kufikitsa munthu ku Nyumba ya Malamulo. Choncho chipangizo choyamba chimene mwana wa ku Ulongwe, ku Utale kapena ku Ntaja agwire m'manja si chinthu chosankha mwachibwana.

Choyamba kuchotsa m'mutu ndi manyazi. Kuchepa kwa gitala ndi kutsika kwa mtengo wake si chilema ayi. Magitala ambiri amene anafika m'midzi ya dziko lino anabwera ndi anthu obwerera kuchokera kumigodi ya ku Joni ndi ku Southern Rhodesia, m'masiku a Wenela, pamodzi ndi njinga, zipewa ndi magalamafoni. Sanali magitala a anthu olemera. Kampani ya Gallo ya ku South Africa inkapanga magitala otchipa otchedwa Gallotone, amene anafalikira m'maiko a kummwera kwa Africa mpaka kukafika ku Ulaya. Imodzi mwa iwo, yaing'ono thupi, yotchedwa Gallotone Champion, ndiyo imene John Lennon wa gulu la Beatles ankaimba ali mnyamata ku Liverpool, ndipo ndi imene anali nayo tsiku limene anakumana ndi Paul McCartney mu Julayi 1957. M'kati mwake munali kapepala kolonjeza wogula chinthu chimodzi chokha, kuti gitalayo sidzang'aluka. Lonjezo lodzichepetsa ndithu, koma linali lokwanira kuyambitsa munthu ulendo.

Kunena zoona, kwa mwana wa zaka zisanu ndi zitatu kapena khumi, gitala yaing'ono ndiyo yoyenera, ngakhale kholo litakhala ndi ndalama zogulira yaikulu. Palibe amene amapatsa mwana khasu la bambo wake kuti aphunzirire kulima. Amamusulira kakhasu ka msinkhu wake. Pa gitala ya akuluakulu, gawo la nsambo limene limalira limatalika pafupifupi masentimita 65, pamene pa yocheperako limakhala pafupifupi 58. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma kwa kadzanja kamene kakuyesa kutambasuka kuti kagwire malo atatu nthawi imodzi, ndi kusiyana kwa kutheka ndi kusatheka. Thupi laling'ono limakhazikika bwino pamwendo, ndipo mkono wamanja sulendewera ngati wa munthu amene wakumbatira mtsuko. Mawu ake ndi ochepa mphamvu, makamaka nsambo zokhuthala sizimveka kugunda monga pa yaikulu, koma wophunzira sakuimbira msonkhano. Ena apakhomo angathokozenso.

Vuto lili pakuti pakati pa timagitala totchipa pali mitundu iwiri imene imafanana nkhope ngati mapasa. Tina ndi magitala enieni, opangidwa mosawononga ndalama. Tina ndi zidole zovala chikopa cha gitala. Utoto susiyanitsa, dzina lolembedwa pamutu silisiyanitsa, ndipo wogulitsa, amene dzulo lake amagulitsa mawailesi ndi matochi, nthawi zambiri sadziwa. Pali zinthu zochepa zimene zimaulula nyerere zili m'kati, ndipo munthu akhoza kuziona asanatulutse ndalama m'thumba.

Chachikulu pa zonse ndi mpata umene uli pakati pa nsambo ndi timizere tachitsulo tapakhosi pa gitala, timene oimba amati mafureti. Wogula awerenge timizereto kuchokera kumutu mpaka kakhumi ndi chiwiri, n'kuyang'ana mpatawo cham'mbali. Pa gitala ya nsambo zachitsulo uyenera kukhala mamilimita awiri kapena atatu. Pa ya nsambo za nayiloni ukhoza kufika anayi. Wopanda rula atenge machesi: kamtengo kamodzi kalowe, koma ngati titatu tosanjikiza tikulowa momasuka, gitalayo aibweze pakhoma. Ndi mpata umenewu umene umatha ana ambiri. Zala za wophunzira aliyense zimawawa masabata oyamba kufikira zitachita zikang'a, ndipo kuwawa kumeneko n'kwachibadwa. Koma nsambo zikatalikira khosi, mwana amakanikiza ndi mphamvu zake zonse, mawu n'kutulukabe osamveka, ndipo palibe khama limene lingagonjetse zimenezo. Ngakhale katswiri angaiponye pansi.

Chachiwiri n'chobisika kwambiri, ndipo kwa aliyense amene anaphunzitsapo ana n'choopsa kuposa choyamba. Gitala ina imanama. Nsambo ikalizidwa yosagwira, kenaka n'kulizidwanso itakanikizidwa pa kamzere kakhumi ndi chiwiri kaja, iyenera kutulutsa liwu lomwe lija koma lokwera, monga mmene bambo ndi mayi amaimbira nyimbo imodzi m'tchalitchi, wina pansi wina pamwamba, popanda kusemphana. Liwu lachiwiri likapitirira kapena kuperewera moonekeratu, ndiye kuti timizere kapena kamtanda kogwira nsambo kumimba anaziika pamalo polakwika, ndipo gitala yotere ngakhale aichune bwanji sidzagwirizana ndi ina iliyonse. Mwana woiphunzirira amakhala ngati wophunzira masamu ndi buku limene mayankho ake analembedwa molakwa. Akachita bwino, chipangizo chimamuuza kuti walakwa. Akazolowera, khutu lake laphunzira bodza. Kuongola mtengo n'kuuyamba uli waung'ono, ndipo khutu nalo limapindika likadali lanthete. Masiku ano foni yamakono imatha kukhala ndi pulogalamu yaulere yochunira gitala, imene imaonetsa ngati liwu lakwera kapena latsika, choncho kuyesa kumeneku sikufunanso khutu la katswiri.

Zotsalazo n'zapafupi. Makiyi okungira nsambo atembenuke mosalimba ndiponso mosapepera, ndipo gitala ikachunidwa n'kuimbidwa mphindi zingapo isasokonekere yokha. Nsambo zatsopano zimatamuka ndithu masiku oyamba, koma kiyi amene akubwerera m'mbuyo yekha ndi wakufa. Khosi aliyang'ane kuchokera kumutu monga mmisiri ayang'anira thabwa, aone ngati silinapotoke. Ayendetse chala m'mphepete mwa khosi, kuti timizere tisakhale totuluka tocheka dzanja. Ndipo ayese kulowetsa kapepala pansi pa kamtanda ka kumimba kaja: kakalowa, guluu wayamba kale kulekerera.

Pa za nsambo anthu amatsutsana. Za nayiloni n'zofewa ku zala, ndipo kwa mwana wamng'ono ndizo zabwino. Zachitsulo zimalira mokweza, ndiponso ndi zimene khutu la kuno linazolowera. Chimene sichifuna mtsutso n'chakuti gitala yopangidwira nayiloni asaimange nsambo zachitsulo, monga ena amachitira ikaduka imodzi n'kupeza kuti pamsika pali zachitsulo zokha. Nsambo zisanu ndi imodzi zachitsulo zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, kuposa thumba la chimanga, usana ndi usiku, pamene za nayiloni zimakoka pafupifupi 40. Kagitala kosakonzekera katundu wotere kamapinda khosi kapena kuzuka kamtanda.

Pali chinthu chimodzi chimene gitala yotchipa imaposera yodula, ndipo ogulitsa sachitchula chifukwa amachiyesa chochititsa manyazi. Magitala odula amapangidwa ndi matabwa enieni opyapyala, amene amalira mokoma koma amamva nyengo: amafufuma m'dzinja, n'kuuma mpaka kung'aluka m'chilimwe. Otchipa amapangidwa ndi pulayiwudi, timatabwa tomatikiza mopingasa, tosakoma kwambiri mawu koma topirira. Amene akudziwa kutentha kwa pa Liwonde mu Okutobala, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, aona yekha kuti kwa mwana wa m'chigwa cha Shire pulayiwudi ndi bwenzi.

Nanga kholo likayesa magitala onse ali m'sitolo n'kupeza kuti onse ndi onama, litani? Libwerere kunyumba ndi ndalama zake. Mwanayo sanatayike. Dziko lino lili ndi sukulu ina yakale, ya banjo yopanga ndi chigubu cha mafuta, chikopa cha mbuzi ndi waya wa mabuleki a njinga. Mnyamata wosema banjo yake amaika timizere pomvera khutu, akalakwitsa amachotsa n'kusuntha, ndipo pomaliza amakhala atadziwa chifukwa chake nsambo yaifupi imalira mokweza kuposa yaitali, chinthu chimene mnzake wogulirwa cha m'sitolo sangafotokoze. Allan Namoko wa ku Thyolo, amene anali wosaona, anagwedeza dziko ndi banjo. Daniel Kachamba wa ku Chileka ankakonda kuimba gitala ya nsambo zisanu m'malo mwa zisanu ndi imodzi, ndipo akatswiri a ku Ulaya anabwera kudzaphunzira kaimbidwe kake. Anyamata awiri a Madalitso Band anachoka m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ya nsambo zinayi ndi babatoni yopanga okha, n'kukaimba ku Zanzibar mu 2017, kenaka ku Ulaya. Palibe mwa amenewa amene anadikira chipangizo chodula.

Komabe pasakhale kunamizana. Banjo ya chigubu ili ndi malire ake. Mwana amene akufuna kudzaimbira kwaya, kuwerenga manotsi, kapena kulowa sukulu ya zoimbaimba monga ya ku Andiamo pa Balaka, adzafunika nsambo zisanu ndi imodzi zochunidwa monga zichunidwira padziko lonse, kuti zimene waphunzira pakhonde zikagwire ntchito akakhala pakati pa anzake. Kukometsera umphawi, n'kumauza mwana kuti chigubu chimukwanira mpaka kalekale chifukwa akatswiri ena anayambira pomwepo, ndi ulesi wa kholo wovala malaya a mwambo. Banjo ndi poyambira pabwino kuposa gitala yonama. Siposa gitala yoona, ngakhale yotchipa.

Cholakwa chimene chimabala zolakwa zina zonsezi ndi chakuti kholo limapita lokha kukagula, pofuna kuti mwana adzadzidzimuke ndi mphatso. Mwambo wodzidzimutsa ndi mphatso ndi wachilendo, ndipo pa nkhani iyi ndi wowononga. Kale munthu pokagula ng'ombe ankatenga wodziwa kuyang'ana mano, ndipo pokafunsira mbeta ankatuma ankhoswe. Safunsa anadya phula. Ku Balaka ndi ku Machinga oimba gitala sasowa. Pafupifupi mpingo uliwonse uli ndi mnyamata woimbira kwaya, ndipo m'sukulu zambiri muli mphunzitsi wa Expressive Arts amene anagwirapo gitala ku koleji. Kumulipirira minibasi munthu wotere n'kotchipa kuposa kutaya ndalama za nandolo wa chaka chonse. Mwana nayenso apite, akhale pampando, aigwire, aone ngati dzanja lake likuzungulira khosi. Yogwiritsidwapo kale ntchito imene woimba waiyesa n'kuivomereza ndi yabwino kuposa yatsopano ya m'katoni imene wogulitsa akukana kuti itsegulidwe.

Ikapezeka yoona, kholo lisamalize ndalama zonse pa gitalayo. Lisiyeko zogulira paketi ina ya nsambo tsiku lomwelo, pakuti kansambo kopyapyala kapansi sikachedwa kuduka m'manja mwa wophunzira, ndipo ku Nayuchi kapena ku Nsanama kupeza kena kungatenge mwezi wathunthu. Pofika kunyumba aikhomere msomali wake kuchipinda, pakhoma losawombedwa dzuwa, kutali ndi moto wa kukhitchini ndiponso pamwamba poti ang'ono ake a mwini gitala sangafikire.