Singano imodzi, bulu mmodzi

Tsiku la msika pa Msundwe ndinaima poimika ngolo n'kuona bambo wina akubaya jakisoni abulu anayi, wake ndi a anzake. Singano inali imodzi. Akaizula pa bulu uyu, ankangoipukuta pa malaya n'kulasa winayo. Mtima unandiwawa, poti abulu amenewa ndiwo amatitutira chimanga, fodya ndi njerwa, ndiponso kuthamangira nafe kuchipatala wina akadwala usiku.

Pali nthenda ya magazi yogwira akavalo, abulu ndi nyulu, imene madokotala a ziweto amaitchula equine infectious anaemia. Inadziwika koyamba ku France mu 1843. Kachilombo kake ndi kapachibale ndi HIV, ngakhale sikagwira munthu. Chiweto chimatentha thupi, kuwonda, kutupa kumimba ndi miyendo, nkhama n'kuyera chifukwa chotha magazi. Mankhwala ochiza kulibe, ndipo kachilomboka kakalowa m'thupi sikatulukamo mpaka imfa.

Choopsa n'chakuti bulu nthawi zambiri saonetsa kudwala. Amakoka ngolo ndi mphamvu zonse, kachilombo kali m'magazi: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ntchentche zikuluzikulu zoluma, zija zimachuluka m'madambo nthawi ya dzinja, zimanyamula magazi kukamwa kuchoka pa chiweto china kupita pa chinzake. Singano imachitanso zomwezo, koma ndi dzanja lathu lomwe.

Ku America, Leroy Coggins anapeza njira yoyezera nthendayi m'magazi mu 1970. Kumeneko kavalo sawoloka malire a chigawo popanda chikalata chosonyeza kuti anayezedwa. Wopezeka nayo amaphedwa, apo ayi amakhala kwayekha moyo wonse, mamita pafupifupi 200 kutali ndi anzake, kuti ntchentche zisafikitse magazi ake kwa ena.

Ife tiyambire pa zomwe tingathe. Bulu wogula kwina, kaya ku Mchinji kaya kutsidya kwa malire, abwere ndi chiphaso cha a zaziweto, ndipo ayambe wagona khola lapadera. Wowonda ndi wofooka mosadziwika bwino asapite kumsika. Muitanireni mlangizi wa ziweto.

Edzi inatiphunzitsa ndi misozi kuti lezala ndi singano sitibwerekana. Alimi anzanga a ku Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Mpingu, phunziro lomwelo lifike kukhola. Mtengo wa singano yatsopano sungafanane ndi mtengo wa bulu.