Mwana Afuna Uinjiniya ndi Udotolo Pamodzi: Timuyankhe Ciani?

Mwezi watha mai wina wa ku Maramba anafika kunyumba kwanga madzulo ndi mwana wake wamkazi. Sanabwere ndi matenda ai. Mtsikanayo anapambana bwino Giredi 12, makamaka masamu ndi sayansi, koma kuyambira pamenepo m'nyumba mulibe mtendere. Iye afuna uinjiniya. Atate wake afuna udotolo. Pofuna kukondweretsa onse, mwanayo anafufuza pa intaneti napeza kuti ku America munthu angathe kutenga zonse ziwiri, ndiye akuti nayenso acita comweco. "Adotolo, tithandizeni," anatero maiyo, "ife tigulitsa cabe kapenta pamsika, izi sitizidziwa."

Ine sindine dotolo, ndine kiliniko ofisa, koma m'komboni aliyense wobvala khoti loyera ndi dotolo basi. Zimene ndinawauza ndifuna kuti nanunso makolo a ku Libuyu, Dambwa, Linda ndi Ngwenya muzimve.

Zimene mwanayo anawerenga ndi zoona, koma ndi za dziko la eni ake. Ku America munthu sacoka ku sekondale ndi kulowa udotolo. Ayamba watenga digiri ina ya zaka 4, alemba mayeso ochedwa MCAT, ndiyeno aphunzira udotolo zaka zina 4. Makoleji ena kumeneko ali ndi dongosolo lakuti wophunzira akhale zaka 3 pa koleji imodzi ndi zaka 2 pa sukulu ya uinjiniya, naturuka ndi madigiri awiri. Wofuna udotolo pambuyo pake awonjezerapo zaka 4, zonse pamodzi 9. Iliko ndithu sukulu ina, Carle Illinois College of Medicine, imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 2018, yophunzitsa udotolo wosakaniza ndi uinjiniya. Koma nayonso itenga anthu amene ali kale ndi digiri.

Kuno kwathu njira ndi ina. Kwa zaka zambiri pa UNZA mwana wa sayansi anali kuyamba caka cimodzi mu School of Natural Sciences, ndipo pakutha pa cakaco njira zinali kupatukana: ena ku udotolo ku Ridgeway, ena ku uinjiniya, ena ku migodi, ena ku zaulimi, malinga ndi mamaki ao. Lero masukulu a udotolo aculuka. Copperbelt University inatsegula yake ku Ndola mu 2011, ku Lusaka kuli Levy Mwanawasa Medical University, ndipo pompano pa Livingstone tili ndi ya Mulungushi University, imene ophunzira ake mumawaona m'mawodi. Kulikonseko udotolo ndi nchito ya tsiku lonse, ndi usiku womwe. Wophunzira amene ali pa wodi ya azimai oyembekezera 2 koloko usiku sangakhalenso m'kalasi la zamagetsi 8 koloko m'mawa. Akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa.

Tiwerenge zaka. Uinjiniya utenga zaka 5. Udotolo utenga 6 kapena 7, osawerengera nthawi yogwira nchito pansi pa madotolo akulu munthu asanamasulidwe. Wocita zonse ziwiri motsatana adzatha zaka zoposa 10 asanabweretse ngakhale thumba la unga kunyumba. Maphunziro ndi aulere kufikira Giredi 12 kuyambira mu 2022, inde, koma yunivesiti si yaulere. Thandizo la HELSB ndi nkhongole, ndipo nkhongole ibwezedwa. Mai wa kapenta uja ali ndi ana ena atatu pambuyo pa uyu. Ndinamufunsa mtsikanayo kuti, kodi azing'ono ako adzadikira iwe kufikira liti? Anangoyang'ana pansi.

Komabe sindinamuseke, cifukwa maganizo ake ali ndi nzeru imene atate wake sanaione. Ndikuuzeni cimene cinandicitikira ndili pa kiliniki ina yakumidzi. Usiku anabweretsa mwana wa miyezi 8 wodwala cibayo, akupuma mobanika, milomo itayamba kuda. Mankhwala ndinali nao, jekeseni ndinamulasa. Cimene anafunikira koposa ndi mpweya wa okosijeni. Makina opanga mpweyawo analipo pakona, koma anali kungolira alamu. Tinamunyamula usiku womwewo ulendo wautali kupita ku cipatala cacikulu, ine nditamugwira m'manja, mtima uli m'mwamba. Mwanayo anapulumuka. Patapita masabata kunabwera mnyamata wokonza makina. Anatsegula kumbuyo, nacotsa kasefa kodzaza pfumbi, naikapo kena. Sipanathe ndi theka la ola. Ndinacita manyazi. Ine wa zaka zambiri pa nchito sindinadziwe kuti makinawo amakoka mpweya wa m'cipinda, umene okosijeni wake ndi magawo 21 pa 100, nacotsamo naitirojeni kuti wodwala alandire magawo 90 kapena kuposerapo, ndi kuti pfumbi likatseka kasefa zonse zaima.

Ambiri mukumbukira June ndi July wa 2021, pamene COVID-19 inadzaza zipatala ndipo mabanja anali kuthamangira masilinda a okosijeni. Mukumbukiranso 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse. Masiku amenewo moyo wa wodwala unali m'manja mwa munthu wosamala jenereta, firiji ya katemera ndi mapaipi a mpweya. Dotolo angakhale wanzeru cotani, sangacite opareshoni mumdima.

Ndiponso zida zambiri zimene timanyadira m'cipatala sizinapangidwe ndi madotolo. Makina a CT ounika mkati mwa mutu anapangidwa ndi injiniya wa ku England, Godfrey Hounsfield, amene analandira mphotho ya Nobel ya zamankhwala mu 1979 pamodzi ndi Allan Cormack wobadwira ku Johannesburg. Onse awiri sanali madotolo. Pafupi pompa ku Malawi, pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, madotolo a ana ndi anamwino anagwirizana ndi mainjiniya a ku Rice University napanga makina ochipa othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma. Anawacha Pumani, ndipo oyambirira anali ndi mapampu a m'mabokosi oweteramo nsomba. Taonani: sanali munthu mmodzi wa madigiri awiri. Anali anthu a nchito ziwiri okhala pa tebulo limodzi, wina adziwa mapapu a khanda, wina adziwa pampu.

Cotero maganizo anga ndi awa. Mwana asankhe cimodzi ndi kucitsiriza. Ngati mtima wake uli pa odwala, ndipo saopa magazi, mafinya ndi kulira kwa ofedwa, atenge udotolo, koma akhale dotolo wosaopa kufunsa m'mene makina agwirira nchito. Ngati mtima uli pa mawaya ndi masamu koma afuna kuthandiza odwala, ilipo njira yapakati imene makolo ambiri saidziwa: maphunziro a zida za m'cipatala, amene pa Cingerezi ati biomedical engineering. NORTEC ku Ndola iphunzitsa dipuloma yake. Ndipo injiniya wa zamagetsi wocokera ku UNZA kapena CBU angathe kulowa nchito ya zipatala popanda kugwira mpeni wa opareshoni.

Wina adzati, nanga amene ali ndi mutu wokwanira zonse ziwiri timuletserenji? Sindimuletsa. Atsirize coyamba, agwire nchito, athandize azing'ono ake, ndipo ngati njala ya caciwiri ikali kumuluma abwerere kusukulu ndi ndalama zake. Ndikana cabe kuti mwana wa zaka 18 asenze mitolo iwiri cifukwa coopa kukhumudwitsa atate wake. Ndaona ophunzira obwera m'mawodi amene udotolo anawasankhira ndi makolo. Uwadziwa msanga: aima kutali ndi bedi, ayang'ana nthawi.

Kwa inu azibambo ndinenako pang'ono. Dzina lakuti "atate wake wa dotolo" likoma kucalichi ndi kumaliro, ndidziwa. Koma si inu mudzagona m'cipatala pa Khirisimasi. Ndipo mwana wamkazi wogwira sipanala sanatsike ai. Tauni yathu ino ili ndi Hillcrest, sukulu ya zaumisiri imene yaturutsa mainjiniya ambiri, ndipo mlatho wa pa Mosi-oa-Tunya waima kuyambira mu 1905 cifukwa ca nchito yao yomweyo.

Mtsikana wa ku Maramba uja ndinamuuza kuti asanalembe mafomu akhale tsiku limodzi ndi wokonza makina a m'cipatala, ndi tsiku lina pa benchi ya odwala akunja kuyambira m'mawa kufikira madzulo, angoona ndi kumva pfungo lake. Wabvomera. Atate wake sanabwere tsiku lija. Amai ake akuti adzawakoka Loweruka likudzali.