PAKHOMO PATHU: Intaneti Yoyenda m'Mawaya a Magetsi

Nyumba zambiri za mu Lusaka zinamangidwa ndi mabuloko a simenti, ndipo khoma la mabuloko siligwirizana ndi Wi-Fi. Banja limagula rauta n'kuiika pabalaza, koma mwana amene akukonzekera mayeso m'chipinda cha kumapeto sapeza kanthu. Agogo amene miyendo yawakana, osathanso kufika ku Good Shepherd ku Kabwata, akafuna kutsatira Misa pa lamya ali chigonere amangoona chithunzi cha bambo mfumu chitaima chilili. Kuboola khoma ndi kukoka chingwe chachitali n'kotheka, koma wokhala m'nyumba ya lendi sangayerekeze kutero popanda kuyambana ndi eni nyumba.

Mwezi uno tikambirane za njira ina imene ambiri saidziwa: kuyendetsa intaneti m'mawaya a magetsi amene ali kale m'makoma athu. Pamene ZAMNET inabweretsa intaneti m'dziko muno mu 1994, kuchokera pa Yunivesite ya Zambia, uthenga unkafika m'nyumba kudzera m'waya wa telefoni. Lero waya umene umatenthetsa ayironi ungathenso kunyamula uthengawo kuchoka m'chipinda china kupita m'chinzake.

Pamafunika tizipangizo tiwiri totchedwa powerline adapter, kalikonse kukula kwake ngati mtanda wa sopo. Koyamba mumakalowetsa m'soketi ya pakhoma pafupi ndi rauta, n'kukalumikiza ku rautayo ndi kachingwe kafupi. Kachiwiri mumakalowetsa m'soketi ya m'chipinda chakutali chija, ndipo kumeneko kamapereka intaneti ku kompyuta pa chingwe, kapena kumwaza Wi-Fi ngati n'ka mtundu wotero. Magetsi a ZESCO ndi a mavoti 230 ndipo amagwedezeka ka 50 pa sekondi imodzi, pamene uthenga wa tizipangizoti umagwedezeka kuyambira ka 2 miliyoni mpaka ka 30 miliyoni kapena kuposerapo. N'chifukwa chake ziwirizi zimayenda m'waya umodzi osasokonezana, monga momwe ng'oma yaikulu ndi chisekese zimalirira pamodzi m'kwaya koma khutu n'kumazisiyanitsa.

Luso limeneli si la dzulo. Makampani angapo anapangana za muyeso wotchedwa HomePlug mu 2000, ndipo woyamba unatuluka mu 2001. Mu 2005 kunabwera HomePlug AV, kenaka AV2 mu 2012. Palinso mtundu wina wotchedwa G.hn umene sumvana ndi HomePlug, choncho pokagula m'masitolo a mu Cairo Road kapena ku Manda Hill, gulani tiwiri ta m'bokosi limodzi, ta mano atatu olowa m'masoketi athu. Liwiro lolembedwa pabokosi musalikhulupirire kwambiri; m'nyumba yeniyeni kawirikawiri silifika ngakhale theka.

Tizipangizoti timafuna soketi ya pakhoma yeniyeni. Mukatilowetsa pa ekisitenshoni, makamaka ija yoteteza katundu magetsi akabwera mwamphamvu, uthenga umafooka kapena kuzimiriratu, pakuti chotetezacho chimauyesa phokoso n'kuusefa. Machaja otchipa a lamya, firiji yakale ndi pampu ya chitsime nazonso zimaponya phokoso m'mawaya. M'nyumba zikuluzikulu za ku Kabulonga ndi ku Woodlands muli vuto lina: zina mwa izo zimalandira magetsi a mafezi atatu, ndipo soketi ya pabalaza ingakhale pa fezi ina, ya kuchipinda pa inzake. Zikatero nyale ya pakachipangizo imaphethira koma intaneti imayenda ngati nkhono. Yesani masoketi ena. Mukalephera itanani katswiri wa zamagetsi. Bokosi la maswichi ndi mita si zinthu zoti bambo wa pakhomo aziyeserapo nzeru Loweruka masana.

Tsopano tifike pa nkhani imene yandichititsa kulemba, ndiyo ya chitetezo. Walira mvula walira matope. Waya wa magetsi sudziwa malire a banja. Pa mapuloti ambiri a ku Chelstone pali kanyumba ka kuseri kamene kale kanali ka antchito, lero mukukhala alendi, ndipo kamadya magetsi pa mita imodzimodzi ndi nyumba yaikulu. Uthenga wa tizipangizo tanu umafika m'masoketi a m'kanyumbako monga momwe umafikira kuchipinda kwanu. M'mafulati, monga a ku Kabwata, nthawi zina umatha kudutsa mita n'kukafika kwa a pafupi, ngakhale utafooka.

Amene anapanga tizipangizoti anaziganizira zimenezi, ndipo anaika loko wolimba wotchedwa AES wa mabiti 128, amene amasanduliza uthenga kuti wakunja asaumve. Koma loko amalimba ndi kiyi wake. Tambiri ta mtundu wa HomePlug AV timachoka kufakitale tili ndi mawu achinsinsi amodzimodzi, akuti HomePlugAV, kuti wogula akangotilowetsa m'soketi tigwire ntchito pompo. Kunena kwina, nyumba zonse za mumsewu zapatsidwa kiyi mmodzi. Mlendi akagula kake n'kukalowetsa m'soketi, angapezeke ali pa intaneti yanu iye mwini osafuna n'komwe. Mabando amene munagula kuti afike kumapeto kwa mwezi amatha pa 15, bambo n'kumakalipira ana osalakwa. Choopsa koposa n'chakuti munthuyo amakhala ngati walowa m'nyumba: makina osindikizira, zithunzi za banja ndi makalata amene ali poyera pa kompyuta angathe kuwafikira.

Mankhwala ake satenga mphindi zisanu. Pa kachipangizo kalikonse pali batani lolembedwa Pair kapena Security. Dinani la koyamba kwa sekondi imodzi, ndipo mphindi ziwiri zisanathe dinani la kachiwiri. Tiwirito timapangana kiyi watsopano amene wina aliyense samudziwa. Ndi bwino kuchita zimenezi tili m'chipinda chimodzi, kenaka n'kunyamula kachiwiri kupita kumalo ake. Mitundu ina imafuna kuti muyambe mwadina batanilo kwa masekondi 10 kuti kaiwale kiyi wakale, motero kapepala ka m'bokosi musakataye. Mukagula togwiritsidwapo kale ntchito pamsika wa Town Centre, titsukeni kaye ndi batani la Reset. Ngati kachiwiri kamamwaza Wi-Fi, kapatseni mawu achinsinsi aatali pa WPA2 kapena WPA3, osati dzina la mwana woyamba kapena la woyera wa mphakati wanu, amene mpingo wonse umamudziwa. Sinthaninso mawu olowera m'rauta momwemo, chifukwa ambiri amasiya admin wa kufakitale.

Wina anganene kuti kutsekera mnansi kunja si chikhristu. Ine ndikuona kuti kugawana kwabwino n'kumene kwakambidwa masana, onse akudziwa. Ngati mukufuna kuthandiza alendi anu, marauta ambiri ali ndi khomo la alendo lotchedwa Guest: iwo amalandira intaneti koma za m'nyumba mwanu saziona. Pangananinso za ndalama ya mabando monga momwe mumapanganirana za mayunitsi a magetsi. Milandu yambiri ya pakati pa eni nyumba ndi alendi imene imafika kwa akuluakulu a mphakati imayambira pa zinthu zazing'ono zimene sizinanenedwe poyera.

Makolo akumbukirenso kuti kachipangizo kameneka kamalowetsa intaneti kuchipinda kogona ana, kumene diso la mayi silifika usiku. Mpingo sudana ndi zipangizozi. Carlo Acutis, mnyamata amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15 ndipo Papa Leo XIV anamulengeza kukhala woyera pa 7 September 2025, ankagwiritsa ntchito kompyuta pofalitsa za zozizwitsa za Ukaristia. Komabe rauta ili ndi malo oikira maola, ndipo kachipangizo ka kuchipinda kali ndi ubwino wina: nthawi ya kolona ndi ya tulo ikakwana, mayi amangokazula n'kupita nako.

Za kuzimazima kwa magetsi tonse tikuzidziwa. Mu 2024 chilala chinaphwetsa madzi a ku Kariba, ndipo makomboni ndi mayadi omwe ankakhala mumdima maola ochuluka pa tsiku. Magetsi akazima tizipangizoti timazimanso, ngakhale rauta ikhale ndi kabatire kake. Amene muli ndi sola ndi inveta, onetsetsani kuti masoketi onse awiri ali pa mawaya odyetsedwa ndi invetayo, apo ayi sitidzamvana. Ndipo popeza sitingakhale kuseri kwa choteteza chija, tizimitseni pa swichi ya pakhoma magetsi akapita, kuti asadzatiotche pobwerera. Nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka April, ziphaliwali zikayamba tizuleni ndithu m'soketi.