Olemba masewero asamangomvera zofuna za owonera

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa khalidwe la anthu ena owonera masewero a pa kanema, amene masiku ano amaumiriza olemba kudzera pa Facebook kuti uje akwatirane ndi uje.

Kumva maganizo a anthu si chinthu chachilendo. Bungwe la Story Workshop litayamba sewero la Zimachitika pa wailesi ya MBC mu 1997, linkamva ndemanga za magulu omvera wailesi m'midzi. Koma cholinga chinali kudziwa ngati phunziro lamveka. Nalo sewero la Tikuferanji, momwe a Michael Usi adatchukira ngati Manganya, lidabwera kudzatichenjeza za Edzi.

Vuto ndi lakuti owonera ambiri amakopeka ndi munthu woseketsa ndi wandalama, ngakhale akhale wachimasomaso. Mlembi akagonja n'kumupatsa mtsikana wabwino uja popanda chomuonekera, ana athu atolapo chiyani? Kuno ku Mwanza, komwe malole odzera njira ya ku Tete amagona pachipata, tawaona atsikana akusiya sukulu chifukwa cha zibwenzi zoterezi.

Inu olemba, mverani anthu akamati chilankhulo kapena mwambo mwaphonya, koma mathero a nkhani akhale m'manja mwanu. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Abusa ndi makolo, nafenso tiziwalembera olembawa. Tikakhala chete, adzamva mawu a ofuula okhaokha.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Mwanza.