Mphunzitsi Asanaweruze Wophunzira Wake

Chiyambire mwezi wa Novembala 2022, pamene kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT, makina amene amalemba Chingerezi chosalala m'kanthawi kochepa, aphunzitsi a chiyankhulochi m'sukulu za ukachenjede, ku Zomba ndi ku Mzuzu monganso kutsidya kwa nyanja, akhala akudzifunsa ngati nkhani imene ili patebulo pawo inatuluka m'mutu mwa wophunzira kapena mu lamya yake. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, koma njira imene ambiri athamangirako, yodalira mapulogalamu ena oti azigwira olembetsa ntchito ku makina, ine ndiyesa yoopsa koposa nthenda imene ifuna kuchiza.

Taonani, eni ake a OpenAI anachotsa pulogalamu yawo yotere mu Julaye 2023 chifukwa inkalakwitsa kwambiri. Ndipo chaka chomwecho akatswiri a ku sukulu ya ukachenjede ya Stanford, atayesa mapulogalamu angapo, anapeza kuti nkhani zoposa theka zolembedwa ndi anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho zinanamiziridwa kuti ndi za makina, pamene za ana a sukulu a ku America zinapulumuka pafupifupi zonse. Chifukwa chake nchakuti munthu wa mawu ochepa amalemba modzisunga, nabwereza mawu amene akuwadziwa bwino, ndipo kalembedwe kotere ndi kamene mapulogalamuwo amakayikira. Nanga mwana wathu, amene pakhomo amayankhula Chiyao, Chitumbuka kapena Chichewa, Chingerezi nachipeza ku sukulu, adzayima bwanji pabwalo la woweruza wotere?

Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Bungwe la UNESCO linatulutsa malangizo ake pa nkhaniyi mu Seputembala 2023, koma malangizo a pa pepala sakonzekeretsa munthu amene sanakhalepo pansi ndi makinawo, nawaona akupeka dzina la buku limene kulibe mosachita nkomwe manyazi. Mphunzitsi ayambe wawadziwa yekha. Ndipo ngati iye mwini amawatuma kukonza mafunso a mayeso kapena ndemanga pa ntchito za ophunzira (pakuti kalasi ikachuluka anthu yesero limakula), anene poyera, monga afunira kuti ophunzira ake anene.

Pamene akayikira nkhani ina, amuitane mwini wake ku ofesi, amufunse chifukwa chimene anayambira ndime yachiwiri motero, ndi komwe anawerenga mfundo yake. Wolemba yekha adzayankha, ngakhale mwachibwibwi.